Mfuti ya Gogodela Imene Anati Ndi Yanga

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anamwalira, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinkakhala pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu, komwe iwo ankagwira ntchito ya m'zigafa, ndipo maliro atangotha eni esiteti anafuna nyumba yawo. Amayi anamanga mitolo, tinakwera matola, n'kubwerera kwawo ku Mchinji, kumudzi umene ine ndinkangoumva m'nkhani. Kumeneko ndi kumene ndinasiya zala ziwiri za kudzanja lamanzere. Ndi komwenso ndinapatsidwa dzina loti Wosamva, limene ndinalisenza mokondwera mpaka kukula, poganiza kuti ndikusenzera munthu wondikonda.

Munthu wake anali amalume anga a Gelesomu, mlongo wawo wa amayi. Anali aafupi, amapewa otambalala, osapupuluma polankhula. Masana ankasula makasu ndi nkhwangwa pansi pa mtengo wa mango, ndipo alendo ankawadziwa ndi ntchito imeneyo. Koma kuseri kwa khola la ng'ombe kunali kachisakasa komwe ankapangirako mfuti za gogodela, zija zothira onga ndi chipolopolo chakukamwa n'kutsindira ndi ndodo yachitsulo. Mudzi wonse unkadziwa, komanso mudzi wonse unkadya nyama, choncho panalibe woiyambitsa nkhaniyo.

Amalume anali ndi mwana wamwamuna, Binwelo, wamsinkhu wanga. Ine ndinali mwana wa pa esiteti, wosadziwa kutchera ngakhale diwa la mbewa, ndipo anyamata ankandiseka kuti ndimayenda m'tchire ngati ndavala nsapato za eni ake. Ndiye tsiku limene amalume anandiitana kuti ndikawathandize kuchisakasa, ndinathamanga osayang'ana m'mbuyo. Mwana amene wangoika kumene bambo ake m'manda safunsa mafunso. Munthu wamkulu akangomutchula dzina mokoma, basi wamugula.

Chimene chinkawasowetsa tulo amalume chaka chimenecho chinali mphoyo. Tchire likapsa, msipu wanthete umaphuka m'dambo, ndipo mphoyo zinkabwera kudzadya pakatikati penipeni, poyera, popanda ngakhale chitsamba choti munthu abisalepo. Mfuti zawo zakale zinkapha gwape wa pafupi, woti ukhoza kumugenda ndi mwala. Mphoyo zinkaima kutali, n'kumakuyang'ana uku zikutafuna. Anzawo a pabawo ankawanyogodola kuti mfuti za a Gelesomu zimangopereka moni kwa nyama. Iwo ankaseka nawo, koma pobwerera kunyumba ankayenda chete.

Kenako anapeza mpope wachitsulo wautali kwa munthu wina wochokera ku Zambia, ndipo ntchito inayambika. Iwo anasema mtengo wa mlombwa woti mpopewo ugonemo, ine ntchito yanga inali kuupala ndi galasi losweka mpaka usalale, n'kuupaka mafuta a nsatsi. Mpaka lero ndikanunkhiza mafuta a nsatsi ndimamva utsi wa makala a m'chisakasa chija ukundiyabwa m'maso. Tinamanga mpopewo ndi waya, pamwamba pake n'kukulungapo malegeni. Kunsonga kwake amalume anamatako kachidutswa ka kiyi wakale wachikasu, n'kukapala ndi tupa mpaka kanasongoka, ndipo chakumbuyo anaikako kachitsulo kena kokhala ndi kampata. Anandiuza kuti kampatako, kansongako ndi nyamayo zikakhala pamzere umodzi, ndiye kuti ndiwo zapezeka. Itatha, mfutiyo inali yaitali kundiposa ine.

Madzulo aliwonse ankanditengera kumunda kwawo kukandiphunzitsa kuloza. Ankapaka phulusa pachulu cha kutsidya kwa munda, n'kuzika mphanda yoti mfuti itsamirepo, ine n'kugwada kumbuyo kwake. Anandiphunzitsa kuwaza phulusa m'mwamba kuti ndione kumene mphepo ikulowera. Anandiphunzitsa kutulutsa mpweya pang'onopang'ono ndisanakhethemule. “Chipolopolo chimatopa ngati munthu,” ankatero. “Chikayenda mtunda chimayamba kugwa. Ukafuna mtima wa mphoyo ili kutali, loza pamsana.” Zonsezi tinkachita mfuti ili yopanda kanthu, ikungolira kuti kha. Nditafunsa kuti tidzaombadi liti, anandiyankha kuti onga ndi wovuta kupeza, komanso mfuti ikalira pachabe mphoyo zimasamuka sabata yathunthu.

Binwelo sankabwera kumaphunziro amenewa. Ankakhala pa ngolo chapatali n'kumasenda nzimbe, osalankhula. Ine ndinkati ndi nsanje, ndipo kunena zoona nsanje yakeyo inkandikomera.

Tsiku lina tikubwerera kumunda, amalume anaika dzanja paphewa panga n'kunena mawu amene ndinawasunga ngati mbewu. “Mphwanga, Binwelo ndi mwana wa eni ake, kwawo n'kwa amayi ake. Wanga weniweni ndiwe, wotuluka m'mimba mwa mlongo wanga. Mfuti iyi ndi yako, ndipo uyambe kuomba ndiwe.” Ndinafunsa chifukwa chimene iwo eni ake sakuyambira. Anatsitsa mawu. “Mfuti yatsopano siyamba ndi dzanja lotentha la munthu wapabanja. Imafuna dzanja lozizira, la mwana amene sanadziwe za m'nyumba. Ikayamba ndi ine idzakhala yophonya moyo wake wonse.”

Sindinakayike ngakhale pang'ono. Za kutentha ndi kuzizira ndinali nditazimva kale: pali masiku ena amayi ena sankathira okha mchere m'ndiwo koma ankaitana mwana, ndipo khanda silinkanyamulidwa ndi munthu wamba. Ngati mchere ndi khanda zili ndi malamulo, mfuti ikanalephera bwanji? Usiku umenewo ndinagona nditakumbatira dzanja langa lozizira, ndikudzimva kuti m'mudzi monse munalibe mwana wofunika ngati ine.

Tsiku lake tinadzuka kum'mawa kukuyera. Amalume anatuma Binwelo kwa agogo ake akuchikazi, kutsidya kwa mtsinje, kuti akatenge mchere wothira panyama. Ndinamuyang'ana akupita, mumtima n'kumati, pita ukatenge mchere, amuna tikupita kukapha. Lupsa linkanunkha chinyezi cha mame, ndipo tisanafike kudambo miyendo yanga inali itada bii mpaka m'mawondo. Tinaima pachulu chachikulu cha m'mphepete mwa dambo. Mphoyo zinalipo zitatu, yamphongo ili chapambali, nyanga zake zikuoneka ngati timinga chifukwa cha kutalika kwa mtunda.

Amalume anaimika mfuti pansi, n'kutulutsa kabotolo ka onga. Anathira muyeso umodzi. Anaima kaye, n'kuyang'ana mphoyo zija, kenako anathiranso wonse wotsala mpaka kugogoda kabotolo kuti musatsale kanthu. “Ulendo wautali umafuna kamba wambiri,” ananong'ona choncho, uku akutsindira nsanza ndi chipolopolo. Anazika mphanda kutsogolo kwa chulu, anandigwadika, n'kutenga dzanja langa lamanzere okha kuliika pansi pa mpope. Atatero anandisisita kumutu n'kunena kuti fungo la anthu awiri ndi lalikulu, mphoyo zingatimve, ndiye iwo akakhala kuseri kwa chulu.

Ndinachita zonse monga anandiphunzitsira. Ndinaika kampata, kansonga ndi msana wa mphoyo pamzere umodzi. Ndinatulutsa mpweya. Ndinakhethemula.

Kulira kwake sindinakumve, chimene ndinamva ndi kukankhidwa, ndipo ndinapezeka ndili chagada ndikuona thambo. M'makutu munkangoti nzii. Utsi unali ponseponse, wonunkha ngati mazira owola. Nditakweza dzanja lamanzere ndinaona kuti layera mbuu, losapweteka n'komwe, ndipo ndinadabwa kuti likuoneka lopapatiza. Kenako magazi anabwera, ululu n'kubwera pambuyo pake. Mphoyo zija ndinaziona zikudumpha kulowera kumtunda, zonse zitatu, zopanda bala.

Amalume anatulukira kuseri kwa chulu akuthamanga. Choyamba anatola mfuti, n'kuyang'ana pamene mpope unang'ambika, n'kunena kuti, “Chitsulo chabodza ichi.” Kenako ndi pamene anang'amba malaya awo n'kundimanga dzanja. Zimenezi ndinaziona ndi maso anga, koma mutu wa mwana umasankha zosunga. Chimene unasunga wanga ndi msana wawo wofunda pamene anandibereka kuchokera kudambo.

Tili m'njira anandiuza chochita. “Lameki mphwanga, akuchimuna kwa bambo ako akamva kuti ndinakupatsa mfuti ndine, anditengera kupolisi. Ndikamangidwa, amayi ako awayang'anira ndani? Ukanene kuti unaitenga wekha ine ndili kumunda, ndinangomva kulira. Mwamuna amasunga za mwamuna mnzake.” Ine ndili pamsana pawo, magazi akudontha pachifuwa pawo, ndinavomera. Ndinamva ngati andiveka ufumu.

Amayi anatipeza pabwalo anthu atadzaza kale. Ndinanena bodza langa momveka bwino, osagwa mawu. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ananso amalume, kenako anati, “Wosamva iwe, taona zimene wadzichita.” Dzina linakhala pomwepo. Kuchipatala tinanena kuti ndi lamba wa chigayo, ndipo anachotsa chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho. Abale a bambo anga atabwera kudzazonda, amalume analankhula mwaulemu za ana a masiku ano, ine nditazolika. Kusukulu aphunzitsi ankanditchula akafuna kuchenjeza ena. Mwana aliyense m'mudzi akafuna kugwira chikwanje ankauzidwa kuti, ufuna ukhale ngati Wosamva?

Sizinkandipweteka kwenikweni, chifukwa ndinkadziwa chimene iwo sankadziwa: ndinali nditapulumutsa amalume anga. Iwonso ankandikomera mtima, nyama ikapezeka chiwindi chinkabwera kwathu. Atamwalira ndili mnyamata wa ndevu, ndinalira kuposa Binwelo, mpaka anthu ankanena kuti chibale ndi fupa sichiola.

Zaka zinapita. Binwelo anapita ku Qatar kukayendetsa galimoto za kampani ina yolondera, ndipo patapita nthawi anandiuza kuti kampaniyo ikufuna alonda. Ndi mmene ndinapezekera ku Doha, ndikuima pakhomo la nyumba zosanja ku Bin Mahmoud, n'kumagona ku Bin Omran m'nyumba yaikulu imene inadulidwadulidwa ndi mapulayiwudi kuti tikwanemo ambiri. Aliyense wondifunsa za zala ndinkamuuza monyada kuti ndinazisiya ku ulenje. Popeza amalume anali atapita, ndinayambanso kufotokoza nkhani yonse, ya dzanja lozizira, kuti anthu adziwe kuti kwathu ndinali mwana wosankhika.

Chaka cha mliri wa korona, mnzathu wina m'nyumbamo anapezeka ndi matendawo, ndipo tonse anatitsekera kuti tisatuluke. Kunja dzuwa linkawotcha moti ngakhale amphaka sankaoneka. Tinajambula bawo pakatoni, njere za tende, zipatso zotsekemera za kuno, n'kukhala nkhomo, n'kumasewera masana onse makina oziziritsa mpweya akungolira. Mwa Amalawi a m'nyumbamo wamkulu anali bambo wina wa ku Kasungu, mlonda ngati ine, amene tonse tinkangomutchula kuti madala Chisale. Tsiku lina tikusewera anandifunsa kuti, “Aphwanga, zalazi munazisiya kuti? Ku medical yobwerera kuno anakupasitsani bwanji?” Ine ndinakhala bwino n'kuyamba nkhani yanga yokondedwa.

Nditafika pa dzanja lozizira, madala Chisale anaseka mpaka kutsokomola, ndipo tonse tinasuntha msanga, chifukwa masiku amenewo chifuwa sichinali chosekera. “Wallah, ndithudi zimenezo ndayamba kuzimva lero,” anatero akupukuta misozi. “Ine bambo anga anali mlenje, ndakulira pa gogodela. Mfuti yatsopano saigwira munthu, kaya wotentha kaya wozizira. Umaimangirira pamtengo, n'kumanga chingwe chachitali pokhethemulira paja, iwe n'kukabisala kuseri kwa chulu. Ikaphulika yaphulikira mtengo. Ikapirira kangapo, ndiye umaiika paphewa. Nanga onga wowirikiza, mpope wachilendo, first time? Ngakhale wamisala sangayerekeze.”

Ndinamuyankha mokalipa kuti miyambo imasiyana, za ku Kasungu si za ku Mchinji. Iye anasiya kuseka. Anayang'ana dzanja langa, n'kufunsa pang'onopang'ono kuti, “Pamene munkaomba, amalume anuwo anaima pati?”

Ndinati kuseri kwa chulu.

“Nanga mwana wawo?”

Ndinangoyang'ana pabawo. Madala Chisale anasonkhanitsa njere za tende n'kunena kuti, “Khalas, basi, tiyeni tizisewera.” Koma ine sindinaseweranso tsiku limenelo. Ndinakagona pabedi langa la pamwamba, n'kumayang'ana denga, ndipo zinthu zimene ndinaziona ndili mwana zinayamba kubwera chimodzichimodzi, zilizonse ndi nkhope ina. Kuphunzira konse kuja mfuti ili yopanda kanthu. Kugogoda kabotolo kuja. Mchere wokatenga kutsidya kwa mtsinje, pamene m'nyumba mwathu momwemo mchere unalimo. Ndinatentha thupi lonse moti anzanga anaganiza kuti matenda andigwira.

Mawa lake ndinaimbira amayi. Ndinkafuna kuwauza zoona, kuti asapite kumanda akuganiza kuti anabereka mwana wakuba mfuti. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa mpope wa ku Zambia mpaka pamsana pa amalume. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anapuma mozama n'kunena kuti, “Lameki, mfuti ija inali yaitali kuposa iwe. Ukanaitsindira bwanji wekha? Ine ndinadziwa usanatsegule pakamwa.”

Ndinawafunsa kuti nanga dzina lija anandipatsiranji, pamaso pa mudzi wonse.

“Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mwananga,” anatero. “Nyumba imene tinkagonamo anafolera ndi iwo, munda anatigawira ndi iwo. Ndikanawaneneza, mbumba yonse ikanati ndagulitsa mlongo wanga. Ine ndi iwe tikanalowera kuti? Ndinkalira pandekha, iwe sunkaona.”

Ndikhulupirira kuti ankaliradi. Koma tsiku limenelo chisoni ndinalibe, ndinangomva kuti ndagulitsidwa kawiri pamsika umodzi. Ndinawatsanzika mwaulemu, chifukwa ndi amayi anga, n'kudula foni. Ndinakhala milungu ingapo osawaimbiranso.

Binwelo sindinamufunse msanga. Iye ankakhala ku Madinat Khalifa pamodzi ndi madalaivala anzake, ndipo masiku amenewo kuyenderana kunali kovuta. Miyezi ingapo itadutsa, boma la kuno linasintha lamulo la ntchito. Kale munthu sunkachoka pa kampani popanda kalata yachilolezo ya bwana wako, ija tinkaitcha NOC. Tsopano ankati ungopereka notisi n'kupita kumene wapeza. Tonse tinakondwa, koma tonse tinkaopa. Mphekesera zinali zoti woyamba kuyesa, abwana amupezera chifukwa n'kumukweza ndege yobwerera kwawo. Pa kampani yathu aliyense ankadikira kuti aone mnzake.

Lachisanu lina Binwelo anandiitana kuti tikamwe tiyi pakalesitilanti kena ku Bin Mahmoud. Tinakhala panja, masiki titatsitsira kuchibwano, makapu a karaki, tiyi wamkaka wa kuno, ali m'manja. Anayamba ndi za kumudzi, kenako anafika pa chimene anandiitanira.

“Msuweni, nkhani ya kuchange company ija. Ine ndapeza offer, koma mudir wathu, bwana uja, umamudziwa. Bwanji uyambe iwe kuapplya? File yako ndi clean, ma supervisor amakukonda, komanso iwe kuyambira kale uli ndi mwayi, ndiwe wolimba mtima. Ine ndili ndi ana kusukulu, risk yake ndi yaikulu. Zako zikayenda mafi mushkila, popanda vuto, ine next month ndikutsatira.”

Ndinamuyang'ana. Nkhope yake inali itayamba kufanana ndi ya bambo ake, mapewa omwe aja, mawu osapupuluma omwe aja. Ana kusukulu ndinali nawo inenso, ndipo iye ankawadziwa maina awo.

Ndinamufunsa kuti, “Mchere uja unabwera nawo?”

“Mchere uti?”

“Umene unakatenga kwa agogo ako tsiku limene mfuti inaphulika.”

Anaika kapu pansi. Poyankha Chingerezi chonse chinali chitamuthawa. “Bambo anandiuza kuti ndisabwere mpaka dzuwa litapendeka.” Ndinamufunsa ngati za chingwe ankazidziwa. Anagwedeza mutu kuvomera. “Mfuti zonse za m'mbuyo chingwe ndinkakoka ndine, iwe usanabwere. Ija ananena kuti onga ndi wa kamodzi kokha, sangautayire pamtengo mphoyo zili m'dambo. Ndinkafuna kukuuza. Tsiku lililonse pa ngolo paja ndinkafuna kukuuza. Ndinali mwana, Lameki.”

Zoonadi anali mwana, ndipo za tsiku lija sindimuimba mlandu waukulu. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri sangatsutse bambo ake osula mfuti. Chimene chinandiwawa n'chakuti munthu amene anaona zonsezo ali pa ngolo, amene ankadya nane m'mbale imodzi akuona dzanja langa, anakula n'kuona kuti njira ya bambo ake ndi yabwino. Anandiyamikira ndi mawu okoma, n'kundiika kutsogolo, iye n'kufunafuna chulu.

Ndinamaliza tiyi wanga, ndinakweza masiki, n'kumuuza kuti, “Ngati ukufuna kuona kuti lamuloli liphulika kapena ayi, kagule chingwe. Ine ntchito imeneyo ndinaigwira kale.” Anandiitana kawiri ndikulowera kokwerera sitima, koma sindinacheuke.

Ntchito ndinasinthadi pambuyo pake, pa nthawi yanga, pa zifukwa zanga, ndipo panopa ndimalondera pa hotela. Amayi ndimawaimbira Lamlungu lililonse, timakamba za mvula ndi za mitengo ya feteleza. Binwelo timapatsana moni tikakumana pa mapemphero. Sindinganame kuti mtima unaphwa. Munthu wakufa sungamufunse, ndipo chimenecho ndicho chimandipsetsa mtima kwambiri: ndinanyamula bokosi la amalume paphewa, ndikulira ngati mwana wawo weniweni, iwo atapita ndi yankho limene ndikulifuna lero.

Amati mawu a akulu amakoma akagonera. A amalume anga anagonera nthawi yaitali, ndipo nditavundukula ndinapeza atasasa. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti mwambo weniweni umamanga aliyense, mwini wake yemwe ndi ana ake omwe. Ukaona mwambo umene wabadwa lero, wokomera amene akuunena, woti ndiwe wekha m'dziko lonse woyenera kuyamba, usamvere kukoma kwa mawuwo. Uyang'ane pamene waima iyeyo, ndi kumene watuma mwana wake.

Masiku ano mlendo wa pa hotela kapena mnzanga watsopano akandifunsa za dzanjali, za ulenje sindinenanso. Ndimangomuuza kuti amalume anga anali ndi mfuti yoti ayese, onga unali wochepa, ndipo mwana wa mlongo wawo anali pafupi.